Mawu a pa fomu amene banja la ku Kafue liyenera kumvetsa mwana asanakwere ndege

A Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzira ku Kafue Training Institute, sukulu ya amishoni a Methodist imene lero ndi Kafue Boys Secondary School. Mu 1946 anapita ku Makerere, m'dziko la Uganda, ndipo atachoka kumeneko anawoloka nyanja kupita ku London. Masiku amenewo ku Northern Rhodesia kunalibe yunivesite, poti University of Zambia inadzatsegulidwa mu 1966. Ku London anakumana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo mu 1949 awiriwa analemba chikalata chotsutsa ganizo lokhazikitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. A Nkumbula anabwerera kwawo mu 1950, chaka chotsatira n'kusankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipani cha Congress.

Ana a ku Kafue akadali ndi mtima womwewo wofuna kukaphunzira kutali. Zotsatira za Giredi 12 zikangotuluka, ku Kafue Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound nkhani imakhala ya mapointi, ndipo amene wakhoza bwino amayamba kufufuza pa foni za China, Russia, India kapena Britain. Apa m'pamene amakumana ndi mawu achingerezi ooneka ngati ofanana, chikhalirecho lililonse lili ndi mtengo wake.

Loyamba ndi admission. Kalata ya admission imangonena kuti yunivesite yakupatsa malo, siinena kuti wina adzakulipirira. Mabanja ambiri amasangalala pamenepa, kuuza achibale ndi a kumpingo kuti mwana akupita kunja, pomwe kalatayo mwina ndi conditional offer, kutanthauza kuti malowo alipo pokhapokha wophunzira atakwaniritsa zina zotsala, monga mayeso a Chingerezi kapena ndalama ya chikole. Imene ilibe zoyembekezera zotere imatchedwa unconditional offer.

Ndalama zili m'mawu ena atatu: loan, bursary ndi scholarship. Akuluakulu amakumbukira Bursaries Committee, koma lamulo la 2016 linaika m'malo mwake Higher Education Loans and Scholarships Board, imene anthu amangoti HELSB. Loan ndi ngongole, ndipo imabwezedwa munthu akamaliza sukulu. Bursary ndi thandizo limene kawirikawiri limayang'ana kusowa kwa banja. Scholarship imayang'ana kwambiri kukhoza, ndipo ndi HELSB yomweyi imene imalengeza malo amene maiko monga Russia, China, Algeria ndi Morocco amapereka kudzera m'boma.

Ngakhale scholarshipyo, ili mitundu iwiri, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Full scholarship imalipira maphunziro, malo ogona, kawirikawiri ndi stipend, ndalama ya mwezi ndi mwezi yogulira chakudya, sopo ndi mabuku. Partial scholarship imangochotsako gawo la tuition, imene ndi ndalama ya maphunziro okha. Maejenti ena amalengeza kuti yunivesite yakuti ikuchotsera theka la fizi, ndipo nthawi zina zimakhaladi zoona, koma theka lotsalalo, tikiti ya ndege, inshuwalansi ya chipatala, chipinda ndi chakudya zonse zimafuna ndalama yakunja. Kholo limene limalandira malipiro a kwacha ku Nitrogen Chemicals of Zambia kapena ku fakitale ya zitsulo limapezeka likulipira zambiri kwacha ikangogwa, ngakhale yunivesite isanakweze kalikonse. Funso loyenera kufunsa ejenti, ndipo alembe yankho lake papepala, ndi lakuti pa chaka banja lidzatulutsa zingati m'thumba mwake. Paja safunsa anadya phula.

Pali chaka china chimene ambiri sachiwerengera. Satifiketi ya Giredi 12 ya Examinations Council of Zambia, mayunivesite ambiri a ku Britain sailandira payokha polowa digiri, choncho wophunzira amayamba ndi foundation year. Ku Russia chaka chotere ophunzira amachitcha podfak, ndipo chimathera pa kuphunzira Chirasha pamodzi ndi maphunziro oyambira. Ku China, amene maphunziro ake ali m'Chitchaina amayesedwa mayeso a HSK. Chingerezi nachonso chili ndi mayeso ake, IELTS, amene malikisi ake amalekezera pa 9, ndipo masukulu ambiri salandira zotsatira zimene zapitirira zaka 2.

Kenako pamabwera visa. Ku Britain yunivesite imapereka nambala ya CAS, ku America fomu ya I-20, ndipo popanda izi pempho la visa ya wophunzira silingayambe n'komwe. Proof of funds ndi umboni woti ndalama zilipo. Britain imafuna kuti ndalamazo zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana, kotero kubwereka kwa amalume Lolemba n'kubweza Lachisanu sikuthandiza. Visa yomweyo imaikanso malire pa ganyu: wophunzira digiri ku Britain saloledwa kupitirira maola 20 pa sabata sukulu ili mkati. Amene amawerengera kuti mwana akadzilipirira yekha ndi ganyu amamusenzetsa katundu amene lamulo lenilenilo silimulola kunyamula.

Kufupi kuno zinthu n'zofewerapo. Pangano la SADC la zamaphunziro la 1997 limati ophunzira a m'maiko a bungweli azilipira ngati eni dziko, ndipo mayunivesite ambiri a boma ku South Africa amatsatira zimenezi pa tuition, ngakhale amawonjezera ndalama ina ya alendo.

Liwu lina ndi bond, lomwe ndi lonjezo lobwerera kwanu. Chevening, imene boma la Britain linayambitsa mu 1983 ndipo imalipira digiri ya masters ya chaka chimodzi, imafuna kuti wophunzira abwerere kwawo kwa zaka zosachepera 2. Lamuloli n'lachilungamo, chifukwa thandizo lotere cholinga chake n'chakuti nzeruzo zikagwire ntchito kumene zikusowa.

Mawu amene anthu amawafunsa pomalizira ndi amene anayenera kukhala oyamba: accreditation ndi recognition. Accreditation ikutanthauza kuti akuluakulu a zamaphunziro m'dziko lomwelo anaivomereza sukuluyo kapena maphunzirowo. Recognition ndi kuvomerezedwa kwa pepalalo kuno kwathu, ndipo ntchitoyi ndi ya Zambia Qualifications Authority, ZAQA. Sizithera pomwepo ayi. Dokotala wophunzira kunja amalemba mayeso a Health Professions Council of Zambia asanaloledwe kugwira odwala, injiniya amalembetsa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo wa zamalamulo amadutsa ku sukulu ya ZIALE. Zimapweteka kuona mnyamata kapena mtsikana wanzeru atabwerera pa basi ya ku Lusaka ndi digiri imene banja linagulitsira poloti, koma palibe ofesi yoilandira.

Maofesi a ZAQA ndi HELSB ali ku Lusaka, mtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera ku Kafue. Makolo, tengani dzina la yunivesite ndi la maphunzirowo mukafunse kumeneko musanapereke ngwee iliyonse kwa ejenti.