Mafuta m'ciwindi: kodi kudya pang'ono kwambiri kumathandiza?

Ciwindi cili kumanja kwa mimba, kunsi kwa nthiti. Cimasefa magazi ndi kusunga mphamvu yocokera ku cakudya. Munthu akamadya zambiri kuposa nchito imene thupi likugwira, zotsalazo zimasanduka mafuta, ndipo ena amakakhala m'ciwindi. Mafutawo akapitirira magawo 5 pa 100 a ciwindi, ndiye kuti ndi matenda.

Matendawa amakonda anthu onenepa m'mimba, odwala shuga ndi omwa kwambiri mowa monga kacasu. Poyamba sapweteka ayi. Koma zaka zikamapita, ciwindi cimatha kutupa, kucita zipsera, kenako n'kuuma.

Zimene madokotala anapeza

Mphamvu ya m'cakudya amaiyeza ndi makalori. Munthu wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2000 mpaka 2500 pa tsiku. Tikati kudya pang'ono kwambiri, tikunena makalori osapitirira 800.

Mu 2011, Roy Taylor ndi anzake a ku yunivesite ya Newcastle, ku England, anafalitsa zimene anaona pa anthu 11 odwala shuga. Anthuwa ankadya makalori 600 okha pa tsiku kwa milungu 8. Mlungu woyamba womwewo, mafuta a m'ciwindi anatsika ndi magawo 30 pa 100. Pofika mlungu wa 8 anali atacepa kwambiri, ndipo shuga wa m'magazi anatsikanso.

Musayese nokha kunyumba

Anthu aja sanangosiya kudya basi. Ankamwa cakudya capadera cokhala ndi mavitamini ndi zomanga thupi, ankadya masamba, komanso madokotala ankawayeza pafupipafupi. Njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha, ndi ina: imangofooketsa thupi.

Kuonda mofulumira kungabweretse timiyala mu ndulu, cizungulire ndi kutha mphamvu. Amene amamwa mankhwala a shuga akhoza kukomoka, shuga akatsika kwambiri. Amayi apakati, oyamwitsa ndi ana asayese n'komwe.

Kumbukiraninso kuti ciwindi cimadwala pa zifukwa zina. Kuno ku Mecanhelas ambiri timasodza, kucapa ndi kulima mpunga m'madzi a ku Chirwa ndi Chiuta, ndipo likodzo la m'matumbo limawononga ciwindi. Kacilombo ka hepatitis B nakonso kamatero. Matenda amenewa satha ndi kusala cakudya. Mimba ikatupa kapena maso akacita cikasu, pitani ku cipatala ku Insaca kapena cina capafupi, akakuyezeni.

Zimene mungacite

Ngati acipatala akuuzani kuti muli ndi mafuta m'ciwindi, ondani pang'onopang'ono. Kutsitsa magawo 7 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu kumathandiza kwambiri. Munthu wa makilo 80 ndiye kuti atsitse makilo 6 mpaka 8.

Cepetsani mitanda ya nsima ndi mpunga. Onjezani nkhwani, cisoso, therere, nandolo ndi matemba. Siyani mowa ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, ndipo mu tiyi musamathire shuga wambiri. Yendani pansi kapena palasani njinga tsiku lililonse. Mukabwerera ku kadyedwe kakale, mafuta aja amabwereranso.