Mbiri ya Mkangano wa Madzi a Mtsinje wa Nile

Mtsinje wa Nile umadutsa m'chipululu chachikulu usanakathire m'nyanja ya Mediterranean. Ku Egypt mvula ndi yosowa, choncho madzi akumwa, a ulimi wamthirira ndiponso a m'mafakitale amachokera mumtsinjewu. Komabe pafupifupi 85 peresenti ya madzi ofika ku Aswan, m'dziko la Egypt, amatsika kuchokera kumapiri a ku Ethiopia, makamaka kudzera mumtsinje wa Blue Nile, womwe umathira mu Nile. Gwero la mkangano lagona pamenepa: kumene mvula imagwa ndi kwina, kumene madziwo amadaliridwa kwambiri ndi kwinanso.

Mapangano oyamba anakonzedwa m'nthawi ya atsamunda. Mu 1902 dziko la Britain linagwirizana ndi Mfumu Menelik II ya ku Ethiopia kuti Ethiopia isatseke madzi a Blue Nile popanda chilolezo. Mu 1929 Britain, polankhulira Sudan ndi maiko omwe inkawalamulira kum'mawa kwa Africa, inavomera kuti Egypt izilandira makiyubiki mita 48 biliyoni pachaka, Sudan 4 biliyoni, komanso kuti Egypt ikhale ndi mphamvu yoletsa ntchito iliyonse yochepetsa madzi kumtunda. Sudan italandira ufulu, maiko awiriwa anagawananso madziwo mu 1959: Egypt inatenga 55.5 biliyoni, Sudan 18.5 biliyoni. Ethiopia sinaitanidwe, ndipo sinapatsidwe gawo. Panganoli linatsegula njira yomangira damu lalikulu la Aswan, lomwe linatha mu 1970.

Maiko akumtunda anayamba kukana mapanganowa atangodziimira paokha. Mu 1962 boma la Tanganyika linalengeza kuti silingamangidwe ndi pangano la 1929, ndipo Kenya ndi Uganda anagwirizana ndi maganizo amenewa. Koma kwa zaka zambiri kukanaku kunali kwa pakamwa chabe, chifukwa umphawi ndi nkhondo zinkawalepheretsa kumanga madamu akuluakulu.

Kukambirana kwa maiko onse pamodzi kunayamba mu 1999, pamene bungwe la Nile Basin Initiative linakhazikitsidwa. Mu 2010, ku Entebbe, maiko akumtunda anayamba kusainira pangano latsopano lakuti madzi azigwiritsidwa ntchito mwachilungamo. Egypt ndi Sudan anakana, poona kuti silikuteteza magawo awo akale. Panganoli linayamba kugwira ntchito mu 2024 popanda maiko awiriwa.

Zinthu zinasinthiratu mu 2011, nduna yaikulu ya Ethiopia, Meles Zenawi, atayala maziko a damu la Grand Ethiopian Renaissance pa Blue Nile, pafupi ndi malire a Sudan. Ndalama zambiri zinachokera kwa anthu a ku Ethiopia eni ake. Damuli limasunga makiyubiki mita 74 biliyoni ndipo lingapange magetsi oposa mamegawati 5,000. Ethiopia imati madzi akazungulitsa makina amagetsi amapitirira ulendo wawo kumunsi. Egypt imaopa zaka za chilala, pamene kusunga madzi kumtunda kungaumitse minda yake. Sudan ili pakati: damuli limachepetsa kusefukira kwa madzi ndi matope, koma likhoza kusokoneza damu lake la Roseires ngati madzi atulutsidwa mosadziwitsana.

Mu 2015 atsogoleri a maiko atatuwa anasainira mfundo za mgwirizano ku Khartoum, zolonjeza kusapwetekana. Zokambirana za damuli zomwe zinachitikira ku Washington zinalephereka mu 2020, chaka chomwe Ethiopia inayamba kudzaza damulo, ndipo za bungwe la African Union nazonso sizinaphule kanthu. Damuli linatsegulidwa mu Seputembala 2025 pangano lisanapezeke. Nkhani yotsala ndi ya kuchuluka kwa madzi oti azitulutsidwa m'zaka za chilala, ndi njira yoweruzira milandu pakabuka kusamvana. Egypt ikufuna pangano lomanga mwalamulo, pomwe Ethiopia ikufuna ndondomeko yotheka kusintha, yosaitsekera chitukuko cha m'tsogolo.