Maina Onena Zoona

Kalekale ku Ulaya anthu ofufuza za mankhwala ankatcha zinthu maina monga momwe zinali kuonekera ndi maso, kapena monga momwe zinali kukomera pa lilime. Panali mankhwala ena otchedwa "shuga wa mtovu" chifukwa anali otsekemera, koma anali ululu wakupha. Ena anali kutchedwa "mafuta a vitriol", chonsecho sanali mafuta konse. Anali madzi aukali ootcha khungu ndi nsalu. Wophunzira anayenera kuloweza dzina lililonse palokha, ndipo dzinalo silinali kumchenjeza kanthu.

M'chaka cha 1782 Mfalansa wina, Guyton de Morveau, analemba kuti chisokonezo chimenechi chithe. Pofika 1787 iye pamodzi ndi anzake atatu, Lavoisier, Berthollet ndi Fourcroy, anasindikiza buku ku Paris. Lamulo lao lalikulu linali lakuti dzina la mankhwala lizinena zinthu zimene zili m'kati mwake. Motero mwala wobiriwira umene unkatchedwa "vitriol" wa mtundu wa thambo unakhala "sulfate de cuivre", ndiko kuti muli mkuwa ndi sulfure.

Komabe ngakhale akatswiriwa anaphonya. Lavoisier anatcha mpweya wina "oxygène", kutanthauza "wobala asidi", poyesa kuti asidi aliyense ali nao. Iye anadulidwa mutu mu 1794, pa nthawi ya chipwirikiti cha ku France. Mu 1810 Humphry Davy wa ku England anaonetsa kuti asidi wochokera ku mchere alibe mpweyawo. Koma dzinalo linali litazolowereka kale, ndipo silinasinthidwe.