Magemu akale okutidwanso m'pulasitiki

Gemu yokutidwanso ndi gemu yakale ya pakanema yomwe bokosi lake linatsegulidwapo, koma munthu wina analikulunganso m'pulasitiki kuti lizioneka ngati silinakhudzidwe chichokereni ku fakitale. Pachingerezi anthu osunga magemu akale amaitchula kuti reseal. Magemu otere amapezeka kwambiri pa okushoni za pa intaneti monga eBay, kumene wogula amangodalira zithunzi ndi mawu a wogulitsa. Vutoli limakhudza makamaka magemu a Nintendo, Sega ndi Sony amene anagulitsidwa ku America ndi ku Ulaya kuyambira m'ma 1980 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 2000. Pofuna kuwazindikira, pulasitiki payokha siipereka umboni wokwanira chifukwa ndi yosavuta kutsanzira. Umboni wodalirika umakhala pa bokosi limene lili pansi pake.

Chiyambi cha vutoli

Ana ambiri amene anaguliridwa gemu m'zaka zimenezo ankatsegula bokosi tsiku lomwelo, ndipo nthawi zambiri bokosilo linkathera kudzala. N'chifukwa chake magemu osatsegulidwa anatsala ochepa. Katiriji ya Super Mario Bros. yopanda bokosi ndi yotsika mtengo popeza inapangidwa yambirimbiri, koma mu February 2019 gemu yomweyi, yosatsegulidwa, inagulidwa pa madola 100,150. Mu April 2021 kampani ya Heritage Auctions ya ku Dallas inagulitsa ina pa madola 660,000. Mu July chaka chomwecho The Legend of Zelda inapita pa madola 870,000, ndipo patangodutsa masiku awiri Super Mario 64 inafika pa madola 1,560,000. Mitengoyi inadzatsika pambuyo pake, komabe kusiyana kwa gemu yotsegulidwa ndi yosatsegulidwa kudakali kwakukulu. Zipangizo zimene wonyenga amafuna ndi zotchipa: mpukutu wa pulasitiki, makina omatira, ndi kachipangizo kouzira mpweya wotentha kuti pulasitikiyo igwire bokosi.

Si magemu onse okutidwanso amene anayamba ndi chinyengo. Masitolo ambiri a ku America anali ndi makina awoawo, ndipo ankakulunganso magemu amene makasitomala abweza kapena amene anali pachionetsero. Malo obwereketsa mafilimu ndi magemu ankachitanso chimodzimodzi pogulitsa katundu wakale. Gemu yotere ikhoza kukhala m'kabati zaka 30, pulasitiki yake n'kukalamba, ndipo amene akuigulitsa lero akhoza kukhulupirira ndi mtima wonse kuti siinatsegulidwepo.

Msoko wa pulasitiki

Chinthu choyamba chimene wogula amayang'ana ndi msoko, pomwe mbali za pulasitiki zinamatidwa. Magemu ambiri a Nintendo Entertainment System, kapena kuti NES, ogulitsidwa ku America ali ndi msoko wopingasa pakati pa msana wa bokosi. Msokowu umakumana ndi misoko ina iwiri ya m'mbali, ndipo yonse pamodzi imaoneka ngati chilembo H. N'chifukwa chake umatchedwa H-seam. Magemu ambiri a Super Nintendo ali ndi msoko wamtundu womwewu. Wa ku fakitale umakhala wopyapyala ndi wowongoka, pomwe wa makina a m'sitolo kapena a pakhomo umazungulira m'mphepete, umakhala wokhuthala, ndipo m'makona mumatsala timakutu ta pulasitiki touma. Pulasitiki ya ku fakitale imakhalanso ndi timabowo ting'onoting'ono totulukira mpweya.

Lamulo la H limasocheretsa ngati munthu aliika pa gemu iliyonse. Magemu oyamba a NES, amene anayamba kugulitsidwa ku New York mu October 1985, analibe pulasitiki n'komwe. Ankangomatidwa ndi kasitika kozungulira kolembedwa Nintendo pa chivundikiro cha pamwamba. Makampani amene ankapanga makatiriji popanda chilolezo cha Nintendo, monga Tengen, ankakulunga mwa njira zawo. Magemu amene kampani ya Majesco inatulutsanso kumapeto kwa m'ma 1990, olongedwa ku Mexico, nawo ali ndi kakutidwe kosiyana. Ku Japan magemu a Famicom ndi Super Famicom nthawi zambiri ankagulitsidwa opanda pulasitiki, choncho bokosi la ku Japan lokutidwa bwinobwino liyenera kudzutsa mafunso. Ku Ulaya magemu ambiri anali ndi kalamba kong'ambira kolembedwa dzina la Nintendo kapena PlayStation. Komanso onyenga aluso anaphunzira kupanga msoko wa H wooneka bwino, moti kupezeka kwake sikuthetsa nkhani.

Magemu a pa chimbale a PlayStation 2, GameCube ndi Xbox amakutidwa mwa mtundu wina. Pulasitiki yake siitenthedwa kuti ikoke, koma imapindidwa pamwamba ndi pansi ngati ya paketi ya ndudu, ndipo mapindidwe a m'makona amafanana ndi chilembo Y. Ikakhala yofewa, yotambasuka, yokhala ndi msoko wootcha m'mbali, kawirikawiri imakhala ya m'sitolo.

Zimene bokosi limaulula

Mabokosi a NES, Super Nintendo ndi Nintendo 64 ndi a katoni yosindikizidwa mitundu. Chivundikiro chikangotsegulidwa, ngakhale kamodzi kokha, utoto wa pamene chimapindikira umasweka n'kusiya kamzere koyera. Pa bokosi lakuda kamzereka kamaoneka msanga. Onyenga ena amakapaka inki, koma inkiyo imanyezimira mosiyana ndi utoto wa fakitale bokosi likapendeketsedwa pa kuwala. Ena amapewa chivundikiro n'kumatula bokosi pomwe linamatidwa ndi guluu, ndipo pamenepo pamatsala makwinya kapena guluu watsopano.

Mfundo yaikulu ndi yakuti pulasitiki ndi bokosi ziyenera kusonyeza kuti zinakalambira limodzi. Ngati katoni yakalika pakona, pulasitiki ya pamalo omwewo iyenera kukhala yokalika kapena yobooka. Bokosi lokhala ndi zipsera pansi pa pulasitiki yosalala linavulala lisanakutidwe. Chimodzimodzinso fumbi, tsitsi, zidindo za zala kapena guluu wotsalira wa sitika ya mtengo zikapezeka mkati. Pa gemu yeniyeni imene yakhala zaka zambiri, fumbi limalowera pa timabowo ta mpweya n'kusiya timadontho pa katoni moyang'anizana ndi timabowoto. Timadontho tikakhala pena, timabowo pena, ndiye kuti pulasitikiyo ndi yachiwiri. Sitika ya mtengo yomata pamwamba pa pulasitiki imakopa ogula ambiri, koma umboni wake ndi wofooka chifukwa imatha kusamutsidwa kuchokera pa katundu wina.

Gemu imodzi inkasindikizidwa kangapo, ndipo mabokosi ake amasiyana. Mwachitsanzo, chidindo cha Nintendo chotsimikizira ubwino wa gemu chinali chozungulira poyamba, ndipo cha m'ma 1989 chinasinthidwa n'kukhala chooneka ngati dzira. Wogula wosamala amayamba wadziwa kuti bokosi ndi la gulu liti, kenako amaliyerekeza ndi mabokosi odziwika a gulu lomwelo. Bokosi lokhala ndi chipsera cha kasitika kozungulira kong'ambika, koma lokutidwa m'pulasitiki, limadzitsutsa lokha.

Ena amayeza bokosi pa sikelo. Mkati mwa bokosi la NES mumayenera kukhala katiriji, kathumba kake, kabuku ka malangizo, kachidutswa ka thovu louma ndi timapepala totsatsa malonda, ndipo chimodzi chikasowa kulemera kumatsika ndi magalamu angapo. Njirayi imagwira amene anachotsamo zinthu, koma siigwira amene anabwezeramo zonse.

Pogula pa intaneti

Zithunzi za kutsogolo kokha sizithandiza. Ogula odziwa amapempha zithunzi za mbali zonse zisanu ndi imodzi, zojambulidwa pafupi ndiponso pa kuwala kopendekeka, makamaka msana ndi mopindikira zivundikiro. Wogulitsa amene akuzemba pempho lotere, kapena amene ali ndi magemu osowa ambirimbiri okutidwa mofanana ngakhale anapangidwa ndi makampani osiyana, amakayikitsa. Pa eBay wogula ali ndi masiku 30 kuchokera pamene walandira katundu kuti adandaule ngati sakufanana ndi zimene zinalembedwa. Chovuta n'chakuti umboni womaliza uli mkati mwa bokosi, ndipo akalitsegula n'kupeza kuti linali lenileni, waononga yekha chimene analipirira.

Makampani oyeza magemu

Makampani ena amaunika magemu n'kuwatsekera m'mabokosi olimba oonekera mkati, okhala ndi nambala yoti wogula atha kuifufuza. Video Game Authority inayamba ntchitoyi mu 2008 ndi njira yopereka malikisi ofika pa 100. Wata Games, yomwe inayamba mu 2018, inabweretsa njira yopereka malikisi ofika pa 10 pa bokosi, ndi chilembo chapadera pa pulasitiki, chapamwamba kwambiri chikakhala A++. Super Mario 64 ya madola 1,560,000 ija inali ndi 9.8 A++. CGC inalowa nawo m'ntchitoyi mu 2022.

Makampaniwa satsegula gemu yomata. Amagwiritsa ntchito zizindikiro zomwezi, kungoti ali ndi magalasi okuza zinthu ndiponso mabokosi ambiri oyerekezera, choncho chigamulo chawo ndi maganizo a katswiri amene akhozanso kuphonya. Mu August 2021 Karl Jobst wa ku Australia anatulutsa kanema pa YouTube wodzudzula Wata ndi Heritage Auctions kuti zinkakweza mitengo mwadala. Makampani onse awiri anakana, ndipo mu 2022 makasitomala ena anasumira Wata ku khoti la ku America. Mkanganowo unali wa mitengo ndi kuchedwa kwa ntchito, osati wa magemu okutidwanso.