Nsima yoyera inabwera liti pa mbale yathu?

Mvula yayandikira, mizere tatha kupanga, ndipo pena paliponse nkhani ndi ya feteleza. Tisanadzale munda wonse chimanga ngati chaka chatha, ndati tikambeko mbiri ya chimangacho, pakuti ambiri timachitenga ngati chinabadwira limodzi ndi dziko lino.

Munthu wa kwathu kuno atha kudya mbatata m'mawa, maungu masana, mpunga madzulo, koma mukamufunsa ayankha kuti "lero sitinadye", chifukwa sanaone nsima. Ndipo nsima yake ikhale yoyera kuti mbee. Mlendo mukamupikira mgaiwa, mawa mbiri yafika kutsidya kuti pakhomo paja pagwa umphawi.

Komatu chimanga ndi mlendo. Kwawo ndi ku Mexico. Chinafika ku magombe a Africa pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, ndipo kumtunda kuno chinakwera pang'onopang'ono ndi amalonda. Musathamangire kuchinyoza, chifukwa chinangwa, mbatata, mtedza ndi maungu nazonso zinachokera ku America komweko. Inde, nsinjiro zomwezi zimene timati ndi zamakolo. Mbewu zimene kwawo ndi ku Africa kuno ndi mapira, mawere, mchewere, khobwe ndi nzama.

David Livingstone atayenda m'dera la Shire mu 1859 analemba zimene anaona m'minda ya Amang'anja. Mbewu yaikulu inali mapira. Pambali pake panali mawere, nyemba, mtedza, zilazi, mpunga, maungu, chinangwa, mbatata, ndiponso thonje. Chimanga chinalipo ndithu, koma chinali chimodzi mwa zambiri. Taganizani munda wotero chaka chimene mvula yadula mu Januwale. Chimanga chipserera, koma mapira apirira, nzama zipirira, chinangwa chili m'nthaka phee kudikira mwini wake.

Nanga chimanga chinapambana bwanji? Ine ngati mlimi ndimayamba ndi mbalame. Ngala ya mapira ndi ya mawere imakhala poyera, ndiye pamafunika munthu pa nsanja kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, kuingitsa mpheta. Chimanga chili ndi makoko ake, chimadzilondera chokha. Atsamunda atabweretsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna ankapita ku thangata m'maesiteti, ena ku Salisbury, ena ku migodi ya ku Joni. Kenaka ana anayamba kupita kusukulu. Mayi wotsala yekha pakhomo akanatani? Anasankha mbewu yosafuna mlonda, imene mu Febuluwale akhoza kuthyola mondokwa ana n'kuotcha njala ili pachimake. Palibe amene angamunene mayi ameneyo. Eni maesiteti nawonso ankadyetsa antchito awo ufa wa chimanga, poti ndi wosavuta kugula ndi kusunga.

Njala ya 1949, imene inapha anthu makamaka m'dera la Blantyre, inali chenjezo loti kudalira mbewu imodzi n'koopsa. Koma titalandira ufulu boma linakankhirabe komweko. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo misika yake inkagula ndi kugulitsa chimanga kwina kulikonse. Kamuzu poyendera mbewu m'minda, chimene alangizi ankamuonetsa monyadira chinali chimanga chobiriwira. Ngongole ya kalabu inali ya mbewu ya haibulidi ndi feteleza. Mu 1990 a kafukufuku ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, chimanga cha haibulidi cholimba maso chimene amayi anachilandira chifukwa chinkakonoleka ngati chamakolo. Starter Pack ya 1998, makuponi a nthawi ya Bingu kuyambira 2005, zonsezi mtima wake unali chimanga, ngakhale kuti munkakhalako kapaketi ka nyemba kapena mtedza. Amene munalandirako kuponi ya mawere mundiuze.

Tsono pali nkhani imene ndikufuna mukhalepo pang'ono, makamaka inu achinyamata amene simunaione. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu othawa kwawo anadzaza m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, mpaka kufika pafupifupi miliyoni imodzi. Ankalandira chakudya cha thandizo: chimanga kapena ufa, nyemba, mafuta, shuga, mchere ndi mtedza. Mu 1990 mtedza unasowa pa mndandandawo kwa miyezi ingapo. Mtedza wokha basi. Nsima ankadya tsiku ndi tsiku, sankagona ndi njala. Koma anthu oposa 18,000 anadwala matenda otchedwa pelagra. Khungu limada ndi kusweka ngati lapsa ndi moto, makamaka m'khosi, m'manja ndi kumapazi kumene dzuwa limaomba. Kenaka kutsegula m'mimba, kenaka mutu kusokonekera, ndipo wosathandizidwa amafa. Mliriwo unatha atabwezeretsa mtedza, kugawa mapiritsi a mavitamini ndi kuthira michere mu ufa.

Chimayambitsa matendawa ndi kusowa kwa vitamini B3. M'chimanga alimo, koma ndi womangika, thupi silitha kumutenga bwino. Anthu a ku Mexico anazindikira kalekale kuphika chimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere, ndipo zimenezi zimamasula vitaminiyo. Mbewu inawoloka nyanja, koma nzeru yophikira inatsala kwawo. Chimene chinkatiteteza ife ndi ndiwo: nsinjiro mu nkhwani, khobwe, nandolo, usipa, matemba, ngumbi, mbewa. Ndiye mukamva kuti mgaiwa wokha ndi mankhwala a zonse, ayi, si zoona. Nsima ya mtundu uliwonse imafuna anzake.

Komabe mgaiwa ndiuikira kumbuyo. Taonani zimene timachita popanga ufa woyera. Timakonola, n'kupeta gaga. Mphale ija timaviika masiku angapo, madzi n'kutaya. Timatsuka, kuyanika, kukagayitsa, kuyanikanso. M'gaga muja mwapita khungu ndi kamtima ka njere, mmene muli mafuta ndi michere yambiri. Gagayo timapatsa nkhumba ndi nkhuku, zimanenepa bwino, mwana n'kumuphikira phala la ufa woyera lothira shuga. Thumba lomwe lija likamachokera kokonoletsa limakhalanso litaphwa, m'chaka chimene chimanga tachigula modula. Sindikunena kuti ufa woyera ulibe ubwino. Umasungika nthawi yaitali osawawa, ndipo nsima yake imatsetsereka, zimenezo ndivomera. Koma kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ena mwa anawo amachokera m'makomo mmene nkhokwe ndi yodzaza.

Inu a m'tauni, ndimakuonani pa Facebook mukugula ufa wa mawere ndi wa malambe m'mapaketi okongola, pa mtengo woti kuno tikhoza kugula nkhuku. Dokotala akakuuzani za shuga ndi BP ndi pamene mumaimba foni kufunsa ngati kumudzi kukupezeka mapira. Chonsecho mukabwera pa maliro kapena pa Khirisimasi mumatitengera buledi woyera ndi zakumwa za m'mabotolo, thobwa la chimera cha mawere n'kulisiya pa mkeka. Sindikukudzudzulani, zikomo chifukwa cha buledi. Ndikungoti ana a kuno amaonera inu. Akaona amalume a ku Area 25 akukana bonongwe, iwonso ayamba kunena kuti bonongwe ndi udzu.

Zambiri sizinathe, zangobisala. Luni, chisoso, denje ndi bonongwe zimamera zokha m'mizere, ndipo timazipalira n'kupita kukagula kabichi. Mfutso wa chitambe agogo ankaufutsa, kuuyanika, n'kuumanga m'chikwatu cha masamba a msuku, kuti mu Okutobala pakhomo pasasowe ndiwo. Masiku ano amene amatha kumanga chikwatu m'mudzi muno ndi owerengeka, ndipo onse ndi okalamba. Nzama nazo zinachepa, mwina chifukwanso cha chikhulupiriro cha m'madera ena choti wodzala nzama akhale mayi amene anatayapo mwana. Ndani angafune kudziitanira zimenezo? Chonsecho nzama zimabereka pa nthaka yoguga popanda feteleza, ndipo zimasiya chonde.

Chaka chino chimanga ndidzalabe, sindingakunamizeni, ana anga sangandimvetse. Koma chigawo cha kumtunda chija, chimene chimanga chimakana chaka ndi chaka, ndaika padera. Mupita nzama ndi khobwe, nandolo m'mphepete, ndi mizere khumi ya mawere. Za mbalame ndagwirizana ndi adzukulu kuti Loweruka ndi Lamulungu nsanja ndi yawo, masiku ena ndidzakhalapo ndekha.

Vuto ndi mbewu. Nzama ndapeza mbale ziwiri kwa azakhali kutsidya la dambo. Mawere amene ndaona pa msika ndi a mowa, osakanikirana, sindikuwakhulupirira. Amene muli ndi mbewu yabwino ya mawere kapena ya mapira oyera a nsima, tisinthane ndi mtedza wa CG7, ndili nawo wosenda kale. Lachisanu ndidzakhala ku chigayo kuyambira m'mawa.