Njira za pa Phiri la Mulanje ndi Chiperoni

Njira zodutsa pa phiri la Mulanje sizinayambe ndi alendo okaona malo. Kalekale anthu a m'mphepete mwa phirili ankakwera kukasaka nyama, kukakumba mankhwala ndi kukathira nsembe, ndipo nkhondo ikavuta ankathawira komweko. Mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi unali njira ya amalonda a akapolo olowera kunyanja yamchere, n'chifukwa chake boma la atsamunda linamangapo linga la Fort Lister mu 1893. Koma pa nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, anthu ankapaopa ngati pamudzi wa mizimu.

Chimene chinachulukitsa mapazi m'phirimo ndi mkungudza. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito ndi Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anakwera phirili n'kutengako nthambi za mtengowu. Matabwa ake ndi onunkhira ndipo chiswe sichiwadya, choncho omanga nyumba anawakonda msanga. Ocheka ankagona m'nkhalango, awiriawiri pa sowo imodzi, ndipo amtengatenga ankasenza matabwa pamutu kutsika nawo pa matanthwe oterera, ambiri opanda nsapato. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Pambuyo pake anamanga chingwe chotsitsira matabwa kuchoka ku Chambe kutsikira cha ku Likhubula, koma kusenza sikunathe. Njira zambiri zimene alendo amayendamo lero zinapondedwa ndi anthu amenewa, ngakhale mabuku sanasunge mayina awo.

Iwowa ndi amene ankachidziwa bwino chiperoni. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti mphepo yachinyontho imachokera ku nyanja ya Indian, n'kudutsa mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo ikagunda Mulanje imasanduka nkhungu ndi mvula yowaza yozizira, yosakata kwa masiku angapo. Munthu saona mnzake amene ali patsogolo pake. Choopsa kwambiri ndi mitsinje. Thanthwe silimwa madzi, moti kakhwawa kamene munthu anakalumpha m'mawa kangathe kukokolola munthu masana ake.

Mu 1949 boma la Britain linatuma Laurens van der Post kudzaona ngati Mulanje ndi Nyika angathandize pa ulimi wa ziweto. Paulendo wa ku Mulanje anatsagana ndi amtengatenga komanso Fred France, mnyamata woyang'anira nkhalango amene ankakhala ku Chambe ndi mkazi wake ndi khanda lawo. Atayenda masiku angapo, chiperoni chinawapeza ali kumtunda kwa mtsinje wa Ruo. Ananyowa, anazizidwa, ndipo patsogolo pawo panali madzi osefukira, mathithi ali chapansi pomwepo. France analowa m'madzimo atamangirira chingwe kuti atsegulire anzake njira, koma madzi anamuposa mphamvu n'kukamuponya kuphompho. Van der Post anafotokoza za tsikuli m'buku lake la Venture to the Interior, m'mene anamusintha dzina n'kumutcha Vance. Kanyumba kena ku Chambe mpaka lero kamadziwika ndi dzina la France.

Patangopita zaka zitatu, mu 1952, okonda kukwera mapiri anayambitsa bungwe limene tsopano limatchedwa Mountain Club of Malawi. Tinyumba togonamo, monga ta ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Madzeka, tinapangitsa kuti munthu azitha kudutsa phiri lonse masiku angapo, madzulo alionse n'kupeza mlonda, nkhuni ndi moto woumitsira zovala. Ngakhale zili choncho, phirili silinafewe. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anamusiya m'mbuyo womutsogolera n'kupita yekha ku Sapitwa, ndipo anafa ndi kuzizira atasochera.

Mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko mu 1984, koma kudula kosaloledwa ndi moto zautha pafupifupi wonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mitengo ikuluikulu imene inatsegulitsa njirazi palibenso. Achinyamata ambiri a ku Likhubula tsopano amasenza zikwama za alendo ndi kuwatsogolera. Chaka ndi chaka, m'nyengo yozizira, amapikisana pa mpikisano wa Porters Race, wothamanga kukwera phirili ndi kutsikanso tsiku lomwelo.