Dizzy, drowsy ndi sluggish: mawu atatu osiyana matanthauzo

Malangizo a mankhwala ambiri ogulitsidwa m'dziko muno amalembedwa m'Chingelezi. N'kosavuta kumasulira dizzy, drowsy ndi sluggish kuti "kufooka", koma liwu lililonse limanena zakezake, ndipo kusiyanako n'kofunika kwa wodwala.

Dizzy ndi chizungulire. M'Chingelezi chakale liwuli linali dysig, kutanthauza wopusa. Madokotala amasiyanitsa mitundu yake. Vertigo, liwu lochokera ku Chilatini vertere, kutanthauza kutembenuza, ndi pamene munthu akuona ngati nyumba ikuzungulira, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala m'kati mwa khutu. Lightheaded ndi kumva ngati ukomoka, monga zimachitikira munthu akadzambatuka pampando kapena madzi akachepa m'thupi.

Drowsy ndi kuodzera, tulo tikamakoka zikope. Chenjezo loti "may cause drowsiness" limapezeka pa mankhwala a ziwengo monga Piriton. Womwa mankhwalawa akayamba kuodzera sayenera kuyendetsa galimoto kapena makina, ndipo mowa umangoonjezera tulolo.

Lofanana nalo ndi groggy, lonena za munthu amene wadzuka koma mutu sunatsitsimuke. Linachokera ku grog, mowa wa rum wosakaniza ndi madzi, umene Admiral Edward Vernon analamula mu 1740 kuti asilikali apamadzi a Britain azipatsidwa.

Sluggish linachokera ku liwu lakale lonena za munthu waulesi, ndipo ndi pachibale ndi slug, nkhono yopanda chigoba. Munthu wa sluggish ali maso, saona chizungulire, koma thupi ndi maganizo zikuyenda pang'onopang'ono. Kuchepa kwa magazi kapena chithokomiro chosagwira bwino ntchito zimatha kuchititsa zimenezi. Liwuli limanenedwanso za chuma kapena malonda osayenda bwino.

Lolemera kuposa onsewa ndi lethargic, kulefukiratu mpaka kusalabadira zochitika pafupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaika kulefuka kotere pa zizindikiro zoopsa mwa mwana wosakwana zaka 5. Mwana wotero afunika kupita naye kuchipatala mwamsanga.

Choncho wodwala akafika kwa dokotala, ndi bwino afotokoze chenicheni chimene akumva: kaya zinthu zikuzungulira, kaya tulo tikumugwira, kaya thupi lalemera. Dokotala amayambira pamenepo kufufuza matendawo.